Yoyo Yanga Simangidwa

Lolemba, 3 Novembro

Yafika! Mkulu wanga Lúcia wabwera nayo kuchokera ku Beira. Yaikulu, yotambalala kukamwa, m'mbali mwake mphira kuti ikagwa pa simenti izinjanja, osati kusweka. Yanga yakale yachitsulo ija yapuma, ndi ya masewera a pachingwe basi. Iyi simangidwa: umaiponya m'mwamba yokhayokha n'kuiwakha ndi chingwe ikuzungulirabe. Ndayesa: yazungulira masegundu 95.

Loweruka mpikisano ku Chingodzi. Vanda, mdani wanga pa yoyo, adzakhalako. Chaka chatha yanga itathawira m'ngalande, ndiye anandipatsa dzina loti Gudubu. Mpaka lero kwathu ku Mpadue aliyense: "Gudubu, wadzuka?" Sindinaiwale ayi.

Lachitatu, 5 Novembro

Masegundu 60. Fumbi la malasha lalowa mu rolamentu, kachitsulo ka timipira kapakati kaja. Kutentha nakonso, m'manja thukuta lokhalokha.

Délcio makanika wadutsa akuweruka ku ofisina, kugalaja kwawo, thupi lonse dizilo. Nyimbo yake yomwe ija: "Jo, timanga liti banja?" Ndati ayambe wasamba. Wapempha yoyo kuti akaione, ati marolamentu ndiye ntchito yake. Ndampatsa. Kupusa.

Lachinayi, 6 Novembro

Masegundu 11. KHUMI NDI IMODZI!

Waipaka girisi wa malole. Ati, "Rolamentu youma ndi imfa ya galimoto." Ndamufunsa ngati pa yoyo yanga waonapo matayala. Ya yoyo imafuna kuuma, mwina kadontho ka mafuta opepuka kunsonga kwa singano. Iye wadzaza ngati akupaka majarini pa buledi wa alendo.

Ndamugenda nayo. Yanjanja bwino pamphumi pake, mphira ndi weniweni. Waitola, wapita nayo. Ndakalirira kubafa. Vanda akamva izi andipekera dzina lachiwiri.

Lachisanu, 7 Novembro

Délcio wasiya kaphukusi kwa Lúcia. Mantha. Ati watsuka rolamentu katatu ndi benzina, waumitsa ndi mpweya wopopera matayala. Ndatsegula: chingwe wachimangirira pakati, mfundo ya makanika, ndi kapepala: "Kuti isakuthawenso ngati chaka chatha."

Mwamuna ameneyu chilichonse akufuna kumanga!

Theka la ola ndikumasula, chikhadabo chimodzi chapita. Kenako ndayesa. Masegundu 140. Ndabwerezanso. 143. Sindimuuza.

Loweruka, 8 Novembro

Ndikungofika, Vanda: "Tsekani ngalande, Gudubu wabwera!" Anthu phwete.

Ndaiponya kupitirira denga la baraka yogulitsa zakumwa. Yatsika, chingwe chailandira, ikulirabe ngati udzudzu. Kachiwiri. Kachitatu kudzera kumsana. Sinagone, ikuzungulirabe. Ya Vanda yagona poponya kachiwiri, yagudubuzika mpaka pansi pa chapa, minibasi ya pasiteji, iye pambuyo chokwawa. Sindinanene kanthu. Chabwino, ndanena: ndafunsa ngati dzina lija lapeza mwini wake. Pofika masana ana onse akumuitana Gudubu.

Délcio anaima kumbuyo, chotupa pamphumi ngati dzira. Ati tsopano wamvetsa, chobwerera chokha sichifuna mfundo. Nzeru zobwera ndi chotupa. Ndamuuza kuti za girisi zija ndidzamukhululukira mwina mu Janeiro, panopa azipita. Wapitadi, chitsiru.

Ndayamba kuwerenga chamumtima. Pa masegundu 40 uyo wabwerera, ati anaiwala kundifunsa ngati ndadya.

Chingwe chinali m'thumba mwanga nthawi yonseyi.