Mayi a Chipande

Lolemba, 3 Malichi

Pamzere wa chakudya chamasana. Mayi ogawa ndiwo, aja ophunzira amawatchula Chipande, anayang'ana khadi langa n'kuona dzina la bambo. Nkhope yonse kuwala. Anandilonjera m'chakwathu: "Mwana wakwathu, wafika liti kuno?" Kumbuyo kwanga kunali Dona, mnzanga wogona naye chipinda. Ndinayankha m'Chingerezi kuti sindikumva. Komabe anandiwonjezera nthuli imodzi.

Patebulo Dona akuti, "Anthu akumapiriwa ukawasekerera amakukwera pamutu." Ndinaseka nawo. Nthuli ija ndinadya.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndasintha mzere. Wa kuzenera ndi wautali koma amagawa ndi bambo osalankhula.

Ndinaimbira amayi kuseri kwa laibulale, kumene sikudutsa anthu. Akuti, "Kulibe akwathu kumeneko oti azikuyang'anira?" Ndati kulibe. Chonsecho kukhitchini kuli asanu kapena asanu ndi mmodzi. Otsuka, osesa, osenda mbatata. M'kalasi mwathu ndilimo ndekha, ndipo palibe akudziwa.

Lolemba, 10 Malichi



Foni ya Dona inasowa patebulo. Anapita kukatunga madzi, pobwera palibe. Amene amapukuta matebulo nthawi imeneyo anali mayi aja. Dona kukuwa, holo yonse kutembenuka. Kapitawo wa khitchini anabwera chothamanga. Mayi aja Chingerezi chinawathawa, anayamba kufotokoza m'chakwathu, mofulumira, manja ali m'mwamba. Amati anaipeza payokha, anaopa kuti wina aitola, anaipereka kwa mlonda wapakhomo, ndipo mlondayo wangotuluka kumene. Ndinamva liwu lililonse.

Anzawo onse anali mkati, kumapoto. Kapitawo anafunsa, "Alipo akumva zimene akunenazi?" Mayi aja anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mbale.

Anawakhuthulira chikwama patebulo, anthu onse akuona. Mapiritsi m'kapepala, chipeso chothyoka mano, theka la buledi, masokosi a mwana. Wina kumbuyo anaseka.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mlonda anabweretsa foni dzulo lomwelo, itangokwana folo. Dona akuti, "Ndiye akanangonena bwinobwino." Kupepesa ayi.

Lero pamalo pa mayi aja pali wina. Akuti awasamutsira kotsuka mapoto kuti nkhani izizire. Sindinadye. Mutu.

Lachisanu, 14 Malichi

Masiku atatu ndikuzungulira khomo lakuseri kwa khitchini ngati galu wakuba. Lero ndinalowa. Nthunzi, fungo la sopo, pansi ponyowa. Mayi aja anali atawerama m'poto wamkulu, mikono yonse mkati.

Ndinawalonjera m'chakwathu. Mawu anatuluka okhota, ngati obwereka. Sanaweramuke msanga. Kenako akuti, "Kodi pakamwa papola?"

Ndinati pepani. Ndinatinso pepani. Zina zonse zimene ndinakonza m'njira zinauluka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapukuta manja pa epuloni n'kunena kuti ali ndi mwana wamkazi, chaka chino alemba mayeso omaliza, ndi wanzeru kwambiri. "Tsiku lija nditaona khadi lako ndinakamuuza kuti wakwathu wina wafika, nawenso limbikira. Pano sindikudziwa ngati ndikufuna abwere kuno."

Anabwerera m'poto muja. Ndinaima pang'ono, n'kutuluka.

Lolemba, 17 Malichi

Ndinapita kwa kapitawo. Ndinamuuza kuti tsiku lija ndinamva zonse, mayi aja ananena zoona kuyambira pachiyambi, wolakwa ndine amene ndinakhala chete. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Inunso ndinu akumeneko? Simukuoneka." Ananena ngati akundiyamikira. Choipa n'chakuti kamtima kena kanakondwa. Mpaka liti, ine?

Akuti za kuwabwezera pamzere aziona mwezi ukatha. Sanalembe paliponse.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayi aja sanabwerere pamzere. Ndawaona pazenera la khitchini atanyamula ndowa. Ndinakweza dzanja. Kaya anandiona.

Ndaimbira amayi ndili m'chipinda, pabedi panga, m'chakwathu, osatsitsa mawu. Dona analowa ndili pakati. Anaima pakhomo, thaulo lili paphewa, mpaka ndinamaliza. Kenako anapita kukasamba.

Wabwera tsopano. Wakhala pabedi pake, akundiyang'ana ndikulemba. Akuti, "Chija umalankhula chija n'chiyani?"

Ndiika cholembera pansi.