Amene Unamukhululukira pa Kanema Ndi Ndani?

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, ndipo sindikufunsa mwamwambo chabe ayi: uli moyo kodi? Ngati uli moyo, muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Kuno tadzuka, mawondo okha ndiwo akukana. Akulemba kalatayi ndi mpongozi wanga. Ndamuuza alembe momwe ndikuyankhulira, asathiremo mchere wake.

Ukudziwa kuti za pa kanema ine sinditaya nazo nthawi. Zaka zonsezi anthu akhala akundiuza kuti watchuka, uli m'sewero lija la Lachinayi lililonse. Ine ndinkangoti asewere, ndi zimene anasankha. Munthu imvi mbuu, kudzuka m'mawa n'kumati ndikupita kokasewera!

Koma Lachinayi lapitali ndinapita kokametetsa, ndipo wometa uja anaika kanema pamwamba pa galasi. Atandimeta mbali imodzi, ndinangoona iwe uli gone pabedi, wawonda, milomo gwaa. Pambali pako panagwada chimunthu chamimba, ndevu ngati zomata, iwe n'kumachitchula kuti achimwene. Ameneyo ndi ndani? Mayi athu anabereka amuna awiri, ine ndi iwe.

Unamuuza kuti sunaiwale tsiku limene anakuponyera chikwama panja mvula ikugwa. Kenaka unati wamukhululukira, n'kutseka maso.

Mng'ono wanga, chikwama anaponya ndi ine. Unasiya sowo pabenchi n'kuthawira ku zisudzo, ine n'kukuuza kuti pakhomo panga sipadyera osewera. Mvula ija ndikuikumbuka, inandinyowetsera matabwa asanu ndi limodzi.

Ndinalira mokweza, nsalu ya wometa ili m'khosi. Anthu kuseka! Wometayo anati ndikhale pansi, ndi sewero chabe. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse m'bale wanga. Tili mkati mokangana, anakuika m'bokosi. Bokosi lakenso! Anakhoma ndani? Matabwa osapala, misomali kuonekera, chivundikiro chopendama. Mng'ono wa kalipentala kupita m'chinthu chotero! Maliro ali mkati, watulukiranso iwe wemwe, wonenepa, ukuseka, ukutsatsa mankhwala otsukira mano. Ndinatuluka osatsanzika.

Lamlungu ndinabwerera kuti akandimalize, ndinakupeza ukumwaliranso, pabedi lomwe lija. Akuti kumeneko ndi kubwereza. Ndinatulukanso. Mpaka lero mutu udakali theka, ndikuyenda ndi chipewa.

Mpongozi wanga wandifotokozera katatu. Akuti mawu amenewo amakulemberani munthu wina, inu mumangoloweza. Akuti wamimbayo ndi mnzako wa kuntchito, mwasewera limodzi zaka makumi awiri, ndipo wamwalirayo si iwe koma dzina limene unavala. Dzina amavala ngati malaya? Chabwino, ine sukulu sindinapondeko. Nanga chipsera? Pamene unkanena zokhululuka unkasisita chala chachikulu cha kumanzere, pomwe sowo yanga inakucheka tikudula chitseko. Nachonso anakulembera? Nanga za mvula, wolembayo anamuuza ndani?

Ndiye ndamufunsa mpongoziyu kuti mawu awa akulemba ndi dzanja lake, kodi asanduka ake? Wangoika cholembera kukamwa.

Sindikupepesa ayi, usamve molakwa. Bambo atamwalira wamkulu ndinali ine, ndinkafuna ukhale ndi ntchito ya m'manja. Kungoti za chikwama zija ndikanatha kudikira kaye mvula ikate. Ndipo zaka makumi anayi zachuluka. Pamaliro a mlongo wathu tinapatsana moni ngati anthu okumana m'basi.

Chimene ndikufuna kudziwa ndi chimodzi basi. Amene unamukhululukira uja ndi wamimbayo kapena ine? Ngati ndi iye, ndiuze, ndileke kudzinyenga. Ngati ndi ine, bwanji unakauza dziko lonse, mwiniwake n'kumvera pampando wa wometa, anthu akumuseka?

Bwera udzanene pano, ndi pakamwa pako, popanda wokulembera. Kugwada ngati mnzako uja sindigwada, mawondo sangalole. Koma mpando ndakukhomera kale, wopala bwino, wosaonekera msomali, uli pakhonde. Aliyense wofuna kukhalapo ndikumuthamangitsa.

Usachedwe. Ine ndikamwalira, Lamlungu sabwereza.

Mulungu akusunge, akupatse masiku ambiri kuposa amene anakupatsa anthu a kanemawo. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Wamimbayo usamupatse.

Ndine mkulu wako weniweni,
Kalipentala