Loko wa Chitini Ndathyola Ndine

Amake mapasa,

Musadzidzimuke mukaona chitini cha ndalama chili yasa pabedi. M'nyumba simunalowe wakuba, ndine. Kiyi mwapita naye kuntchito, foni simukuyankha, ndipo akusitolo aimba kuti gawo lomaliza la ngongole ya makina anu osokera lifike isanakwane 12 koloko, apo ayi abwera kudzawanyamula. Ndiye loko ndaphwanya ndi hamala. Pepani, ndikudziwa tinapangana kuti chitini sititsekula wina palibe. Chilango ndalandira kale: chala chatupa, n'chifukwa chake zilembozi zikuyenda ngati zaledzera.

Ndalamazo ndawerenga kawiri nditagwada. Zakwana, mayi! Miyezi khumi ndi inayi ya tiyi wopanda shuga, inu kupita kuntchito wapansi, ana osadandaula ndi nsapato zong'ambika. Amene anatilowetsa m'nyanja sanatisiye pakati, watiwolotsa. Ndikutuluka ndikuimba nyimbo yakwaya, aneba aziti ndapenga.

Zatsalako pang'ono, ndaika pansi pa Baibulo. Musabwezere m'chitini ayi. Mugule shuga, mutereke madzi, mundidikire. Lisiti ndiwerenga mokweza ana ali pomwepo.

M'kapu mwanga muike masupuni atatu.

Ine mwamuna wanu wachala chotupa