Mtambo m'botolo

Lachitatu madzulo, Misuku. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wapepuka.

Lero ndimaphunzitsa ana anga a Sitandade 4 za mitambo. Ndinajambula pa bolodi monga ndinkachitira kwathu ku Nsanje, mtambo kumwamba, anthu pansi, n'kunena kuti palibe angaukhudze. Mtsikana wina, Tusayiwe, anakweza mkono. "Madamu, ife timadutsamo m'mawa uliwonse pobwera kuno."

Manyazi anandigwira. Ndinati tiyeni mukandionetse.

Tinakwera kanjira ka m'minda ya khofi mpaka nkhungu inatimeza tonse. Ndinkangomva kuseka kwawo, eni ake osaoneka. Chaka chathunthu ndakhala ndikuinyoza nkhungu imeneyi poti zovala siziuma, osaganizako kuti ndimakhala mumtambo. Tusayiwe anautsekera m'botolo. Pofika m'kalasi munangotsala timadontho. "Wathawa," anatero. Ndinati sunathawe, wasanduka madzi. Kalasi yonse inaunjikana, maso pa botolo.

Kalata yopempha kuti andisamutse ili m'chikwama chiyambire Lolemba. Ndimati mawa ndikapereke kwa ahedi. Koma botolo lija lili pawindo apa, ndipo ana ati mawa tilawirire, tikagwire mtambo wina wokulirapo...