Magalasi anga amusiyitsa mwana foni ya kusukulu

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuthokoza, pakuti tsamba lanuli limandichezetsa sabata ndi sabata ngakhale sindidziwa kuwerenga. Amandiwerengera ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene ndakhala ndikulera chimwalirireni mayi ake. Ine ndine wosoka nsapato, ndimakhala pakhonde la sitolo ina. Kalatayi akundilembera ndi atelala a pakhonde lomwelo, ndipo ndawachenjeza kuti asathiremo zawo.

Nkhani yanga ili chonchi. Kusukulu kwa mtsikanayu anatiitana makolo n'kutiuza kuti mwana amene angapeze foni azibwera nayo m'kalasi, chifukwa mabuku ndi ochepa. Ine ndinakana. Ndinati foni m'kalasi ndi fisi m'khola la mbuzi. Koma aphunzitsi a sayansi, mayi odekha bwino, anati, “Agogo, mpeni wanu wodulira zikopa umachekanso chala, koma simunautaye.” Mawu amenewo anandigwira. Pakhomo pathu foni ndi imodzi, yanga, imene anandigulira mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito kutali. Ndinamupatsa mtsikanayo kuti azipita nayo.

Aphungu, sindinanong'oneze bondo. Ankajambula zimene aphunzitsi alemba pabolodi asanafufute. Akaweruka ankakhala pabenchi pambali panga, ine ndikusoka, iye akubwereza zakezo. Tsiku lina anandionetsa mtima wa munthu ukugunda pafoni paja, magazi kulowera uku, kutulukira uko. Anati, “Agogo, mapiritsi mumadumphitsa aja amathandiza apa.” Chiyambire pamenepo sindidumphitsanso. Ngakhale masamu amene ankamuliza misozi anayamba kumugonjera.

Ndiye tsoka ndinalibweretsa ndine mwini. Makutu anga adalemera, choncho foniyo ikakhala ndi ine imalira ngati belu. Mtsikanayo ankaitseka mawu asananyamuke. M'mawa wina anaitseka n'kupita kukasamba, ine n'kuitsekulanso poganiza kuti amalume ake, mwana wanga uja, aimba. Sanaimbe, ndipo ndinaiwala kumuuza. Nditafika pakhonde, kasitomala wafika kale, magalasi anga osaoneka. Popanda iwo ulusi sungalowe pasingano. Ndinapempha atelalawa kuti andiimbire mwanayo.

Kusukuluko lamulo lake n'lakuti foni ikalira m'kalasi, aphunzitsi amaiyankha onse akumva. Ine osadziwa, ndinamuitana ndi dzina lija ndinkamutchula akukwawa. Pano sindilitchula, ndapsa kale. Ndinati, “Magalasi anga waika kuti iwe? Kasitomala waima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yozizidwa!” Ndinangomva chiphokoso ngati denga lagwa. Kunali kuseka. Kenako kamawu kake, kapansipansi: “Agogo, tagwirani pamphumi.” Analidi pomwepo. Atelalawa akusekabe mpaka pano, cholembera chikuchita kuwapulumuka.

Tsopano anzake amamutchula dzina lija, ndipo akamadutsa amafuula kuti, “Apezeka?” Foniyo amaisiya pansi pa pilo wanga. Akuti, “Ndi yanu, khalani nayo.” Za pabolodi zikumudutsa, pabenchi paja pali zii, mayeso ayandikira. Tsamba lanu lokha ndi limene akundiwerengerabe, ngakhale nkhope ili ndwii. Ndinati ndipite ndikapepese pamaso pa kalasi yonse, iye anati ndikatero ndiye kuti sukulu wasiya. Aphunzitsi a sayansi aja anditumizira mawu oti mwanayo akubwerera m'mbuyo. Ndimawathokoza mayi amenewo, chifukwa ena akanangokhala chete. Nanga nditani kuti mwanayu ainyamulenso?

Ine,
Wosoka nsapato, wa pakhonde la sitolo

Agogo,

Nanenso ndaseka, mundikhululukire. Koma kwa mtsikana wa msinkhu umenewo, kusekedwa ndi kalasi yonse ndi chilonda chenicheni. Musachichepetse.

Kukalasi musapiteko. Ana amaiwala msanga akapeza china choseka, koma inu mukakaima kutsogolo kwawo mukawapatsa sewero lachiwiri laulere. Wofunika kupepesedwa ndi mmodzi yekha, ndipo amagona m'nyumba mwanu momwemo. Kodi munamuuza kuti munatsekula mawu aja ndinu? M'kalata yanu sindikuona pamene munatero. Mwina mwanayo akudziimba mlandu kuti anaiwala yekha. Khalani naye pansi, mumuuze mosabisa, ndipo tsiku limenelo nthabwala muzisiye kaye. Amati pepani sapoletsa chilonda, koma amachitsuka kuti chisatukusire.

Kenako panganani za foniyo. Ikachoka m'manja mwanu m'mawa, yasanduka buku lake mpaka ataweruka, ndipo womaliza kuigwira asananyamuke akhale iye. Amalume ake muwauze aziimba madzulo. Pakagwa zadzidzidzi zenizeni, atelalawo aimbire ku ofesi ya sukulu. Magalasi si zadzidzidzi. Ndinu wosoka, ulusi muli nawo wambiri. Amangeni akhale m'khosi.

Aphunzitsi aja kaonaneni nawo paokha, ana ataweruka, ndipo mwanayo ayambe wavomera. Kawathokozeni monga mwawathokozera kwa ine, koma mukawapemphenso kuti aliganizirenso lamulo loyankha foni onse akumva. Nthawi ino chilango chinagwera amene sanalakwe.

Chenjezo langa ndi ili: musamukakamize, musamuopsezenso ndi mayeso, amawadziwa kale kuti akubwera. Ingoikani foniyo pabenchi paja, muzisoka nsapato zanu, n'kumufunsa kuti magazi aja akatuluka mumtima amapita kuti. Mwana amene anaphunzitsa agogo ake kumwa mankhwala sangapirire kukusiyani panjira.

Ndipo iwe amene ukuwerengera agogo ako tsamba ili, usalumphe ndime ino, ndikukuona. Amene akufuula kuti “Apezeka?” sadzakulembera mayeso. Mawa nyamula foniyo, uitseke mawu wekha, ndipo akakufunsa uwayankhe mutu uli m'mwamba kuti, “Apezeka, ali m'khosi.”

Phungu wanu