Nyama ya Tsabola ya Atate

Kapata, Chipata
9 Okutobala 2024

Okondedwa asisi a Fainess,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwatentha moti nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa. Atate akupezako pang'ono. Dzanja lamanja lija likadali lakufa, koma mawu ayamba kumveka, makamaka akafuna kukalipa.

Munandifunsa pafoni chifukwa chake sindinabwererebe kwa amuna anga a Harrison ku Solwezi, chikhalirecho ndinati ndikudzangodwazika atate mwezi umodzi. Ndinalephera kuyankha poti atate eni ake anali pambali panga, makutu ali tcheru. N'chifukwa chake ndalemba.

Nkhani yake ndi poto, asisi. Chidwalireni sitiroko, atate ankati chakudya chilichonse chikumveka ngati thonje m'kamwa, ndipo anaonda zomvetsa chisoni. Tsiku lina nditatopa nawo, ndinagula nyama yogaya kubutchala ya a Suleman, n'kuikazinga ndi anyezi ndi adyo mpaka itafiira. Ndinathiramo matimati, nyemba zophika kale, ndi tsabola wa kambuzi wosinja wodzaza dzanja, n'kuisiya pambaula ikubwata mpaka msuzi utagwirana. Kunena zoona ndinaphika ndi mkwiyo. Koma mayo ine, anadya! Thukuta kamukamu, misozi ili mbwembwembwe, n'kupemphanso ina. Ndinavina ndekha kukhitchini, osadziwa kuti ndadzimangirira.

Kuyambira pamenepo sadya china. Zala zanga zimangowotcha tsiku lonse, zovala zonse zikununkha tsabola, ndipo ana a aneba amayetsemula akamadutsa pakhomo.

A Harrison anapirira, koma mwezi watha anandiuza kuti, "Tiyamike, kodi ndinakwatira iwe kapena foni? Ngati sufika Khirisimasi isanakwane, undiuze ndidziwe chochita." Mawu amenewo sanawanene moseka. Ndinachita mantha, ndiye ndinaitana azakhali a Lenia kuchokera ku Tamanda kuti adzakhale ndi mlongo wawo. Ndinawaphunzitsa zonse, mpaka kasinjidwe ka tsabola. Ataphika, atate analawa kamodzi n'kukankha mbale. "Si ya Tiyamike iyi. Mukufuna kundipha ndi njala?" Azakhali anayesanso kangapo, koma ayi ndithu.

Ndiye tinapangana kuti tiwayese. Ndinaphika ine mobisa, azakhali n'kukapereka ngati aphika iwo. Atate anangonunkhiza n'kuti, "Lenia, iwe kuphika kunakukanika kuyambira uli mtsikana." Mbale inabwerera yodzaza. Mawa lake anaphika azakhali, poto n'kupserera pansi, mchere n'kuiwala. Ndinakapereka ine. Asisi, anadya yonse mpaka kunyambita supuni! "Ehee, iyi ndiye nyama, mwana wanga."

Mtima unandiwawa. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti, "Atate, aphika ndi azakhali."

Anayang'ana kukhoma. Kenaka anati, "Ndikudziwa. Tsabola wakoyo ndinasiya kumumva kalekale. Koma ndikadya za Lenia, iwe ukwera basi." Atatero anandigwira pamkono ndi dzanja lawo labwinolo, ndipo sindinkadziwa kuti likadali ndi mphamvu chonchija.

Azakhali anamva zonse ali pakhomo. Anakhumudwa, ndipo anabwerera ku Tamanda Loweruka, akuti sangakhale pomwe sakufunidwa. Ndatsalanso ndekha ndi mbaula yanga.

Ndakwiya, asisi, sindikubisirani. Ndakwiyira atate, ndakwiyira inu, ndipo ndikawaona atate akulimbana ndi supuni kumanzere ndimachitanso manyazi ndi mkwiyo wangawo. Ndikachoka, asiya kudya, ndipo ndikuwadziwa kuuma mutu kwawo. Ndikakhala, banja langa litha. Inunso ndinu mwana wawo. Bwerani chonde, ngakhale mwezi umodzi wokha, mwina mbale yochokera m'manja mwanu angailandire.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amayi awo aang'ono sanawaiwale. A Harrison akakuimbirani, zimenezi musawauze. Mungoti ndikulongedza, ndipo silikhala bodza, chifukwa chikwama ndinalongedza kale, chili kuseri kwa chitseko komwe atate sangachione.

Ndilekere pomwepa. Nyemba zapsa, ndipo akundiitana.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike