Munthu Wopachikapo Majekete

Lolemba, 4 Meyi
Holo yodzaza. Kanema yemwe uja wakalekale, wopanda mawu: mmphawi walembedwa ntchito kwa olemera, ntchito yake kuima pakhomo atatambasula mikono, alendo n'kumamupachika majekete ndi zipewa. Mawu ndimaikamo ndine, otukwana olemerawo. Okoka ngolo ndi amayi a pamsika anaseka mpaka benchi kuthyoka. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma pa maikolofoni palibe angandiphunzitse. Denga likudonthanso, pa sipika penipeni.

Lachitatu, 6 Meyi
Andiitana bwana. Holo ndi yawo. Amayi a mwana amaphika kwawo. Kachipinda tikugonaka, kuseri kwa nyumba yawo, n'kawonso. Akufuna kanemayu ndikamuonetse pabalaza pawo Loweruka, kukubwera alendo. Ati, "Udzatitukwane monga umachitira kuholo kuja, anzanga amakonda zoterozo." Magazi anawira. Ndinangoti chabwino bwana. Ine amene, wosaopa munthu.
Amayi a mwana ati, "Bambo a mwana, pakamwa panupo muikepo loko. Denga ili si lathu."

Lachisanu, 8 Meyi
Tsiku lonse kuyeserera mawu ofatsa. Akukana kutuluka. Mwana chifuwa chayambiranso. Pazenera khoma lokhalokha, pamwamba mabotolo oswa. Ngakhale kokagula machesi, mpaka mlonda atsegule geti.

Lamlungu, 10 Meyi
Dzulo kwa bwana ndinayamba bwinobwino, Mulungu ndi mboni. Kenako mlendo wina wamimba wafika mochedwa, wavula jekete, wandikoleka pamkono osandiyang'ana n'komwe. Maikolofoni ili m'manja! Basi, mutu unazungulira.
Dona wa m'kanemamo ndinamusenzetsa zonse zimene amayi a mwana amandiuza akaweruka. Kujambula mzere pabotolo la mafuta ophikira. Kununkhiza antchito m'kamwa ngati abako nyama. Kutsanulira vinyo wotchipa m'mabotolo odula alendo asanafike.
Chiphwete. Wina mpaka kununkhiza tambula yake. Bwana misozi chuchuchu. Ine kuganiza kuti ndawalasa, iwo kuomba m'manja.
Adona okha, akazi a bwana, osaseka. Ine sanandiyang'ane. Anayang'ana amayi a mwana, ali chiimire ndi thileyi pakhomo la kukhitchini.

Lachiwiri, 12 Meyi
Amayi a mwana awachotsa ntchito. Adona ati wophika wobooka pakamwa sakumufuna. Epuloni yatsala pamsomali.
Ndinathamangira kwa bwana kuti ndikawauze maso ndi maso. Anayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. Chipinda tikhalamobe, ati, bola Loweruka lililonse ndizisangalatsa alendo. Holo aisandutsa mosungira simenti. "Luso lako likungowonongeka kwa anthu ajawa." Ndinakuwa, ndinati inu ndinu mbava yovala tayi. Anagwira m'mimba. "Imeneyo usunge, udzainene Loweruka!"
Munthu wotere umamutukwana bwanji?

Lachinayi, 14 Meyi
Amayi a mwana chete. Bola akanandilalatira. Adona aletsa kuti asamaonekenso pabwalo, ndiye zochapa tikuyanika m'kati, madzi kudonthera pabedi. Ndapita kwa alamu kukafunsa malo. Nawonso akugona mopanikizana, ana pansi pa tebulo. Pobwerera ndinadzera kuholo. Mabenchi aunjikidwa panja. Mayi wina wogulitsa tomato anandikuwira, "Akulu, tamva mwakwezedwa, mukuseketsa mabwana!" Ndinangowerama n'kudutsa. Koyamba m'moyo.

Loweruka, 16 Meyi
Magalimoto ayamba kulowa. Bwana atuma mlonda: akufuna zatsopano, za sabata yatha alendo anazimva kale. Ndilibe. Za m'nyumbamo ine ndizidziwira kuti? Zonse zinali za amayi a mwana.
Ndinazungulirazungulira m'chipinda, mutu kugunda zovala zonyowa. Mapeto ake ndinagwada pambali pa bedi. Ndinati mayi, kankhani kamodzi kokha, kakang'ono, tigone m'nyumba sabata inanso.
Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana mwana akutsokomola. Mawu awo oyamba chichokere Lachiwiri:
"Khalani pansi. Ilipo ya mano a bwana."
Ndamvetsera. Ndi yoseketsadi, ndicho chikundipweteka. Iwo poifotokoza sanaseke.
Mlonda akugogodanso. Ati majekete achuluka pakhomo, ndifulumire.